Kukanidwa Usanaoneke

Kuno ku Mchinji achinyamata ali ndi mawu amene amatonthozana nawo akalemba kalata yofunsira ntchito koma osayitanidwa. Amati: "Malo aja anali ndi eni ake kale." Mawuwa amamveka pa Kamwendo, pa Kapiri, kwa Mkanda, pa Waliranji ndi paboma pomwe, ndipo onena amanena ndi mtima wowawa. Sindingawatsutse kotheratu, pakuti kukonderana pa chibale ndi katangale zilipodi m'dziko muno, ndipo aliyense akudziwapo munthu amene analowa ntchito chifukwa cha amalume ake. Koma ine, pokhala mphunzitsi wakale, ndakhala ndikuyitanidwa m'makomiti osankha anthu ofuna ntchito zing'onozing'ono za m'boma lino, monga ukalaliki wogula mbewu, ulonda, kusunga katundu ndi kuphunzitsa ana a mkombaphala. Zimene ndaona patebulopo zimandiwawa kuposa katangale. Ndaona ana akhama, oyenera ntchito, akugwetsedwa ndi mapepala awo omwe, munthu wina aliyense asanawachitire chiwembu.

Kuti timvetse bwino, tiyambe ndi kuchuluka kwa ofuna ntchito. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 602,305 m'boma la Mchinji, ambiri mwa iwo achinyamata. Chuma chathu chili m'munda: mtedza, soya, chimanga ndi fodya. Ntchito zolandira malipiro pakutha pa mwezi n'zowerengeka, ndipo zimapezeka kumaofesi a boma, m'sukulu, m'zipatala, m'mabungwe othandiza anthu, kuchipata cha dziko ndi kumakampani ogula mbewu. Chaka chilichonse ana ena amatsiriza Fomu 4 ku Magawa, ku Ludzi ndi m'masekondale oyendera, n'kudzaima pamzere womwewo. Dziko lonse lili chimodzimodzi. Mu 2020 Unduna wa Zaumoyo utalengeza kuti ofuna ntchito ya alangizi a zaumoyo angofika kudzayankha mafunso, anthu anakhamukira kumaloko mwaunyinji woti ku Mzuzu anapondana, ambiri n'kuvulala. Chaka chomwecho lonjezo la ntchito 1 miliyoni linagwira mitima pa nthawi ya kampeni, chifukwa linakhudza bala limene banja lililonse lili nalo.

Zotsatira zake n'zakuti malo amodzi akalengezedwa, maenvelopu amabwera mulu. Komiti imakhala ndi tsiku limodzi kapena awiri, ndipo anthu ake ali ndi ntchito zawo zina. Choncho pakuwerenga koyamba palibe amene amafunafuna munthu wabwino. Aliyense amafunafuna chifukwa chochepetsera muluwo. Chidziwitso cha ntchito chija chimayikidwa patebulo, ndipo envelopu iliyonse imayezedwa nacho. Ngati anati pakhale satifiketi ya MSCE yokhala ndi kirediti m'Chingerezi ndi m'masamu, maso amathamangira pa manambala. Pa MSCE, 1 ndi 2 ndiko kukhoza kwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 n'kungodutsa. Amene ali ndi 7 m'masamu envelopu yake imapita pambali, ngakhale kalata yake ikome chotani. Amene sanaikemo fotokope ya satifiketi, kapena waika yakuda yosawerengeka, amapitanso komweko. Amene kalata yake yafika tsiku lotsekera litadutsa, envelopu yake sitsegulidwa n'komwe. Wina amalemba kuti akufuna "ntchito iliyonse imene ingapezeke", pomwe bungwelo lalengeza malo atatu osiyana, ndipo palibe wa m'komiti amene angamusankhire. Zonsezi zimachitika m'kanthawi kochepa, ndipo mwini kalata sadzauzidwa chimene chinamugwetsa.

Pali vuto lina limene limatigwira kwambiri ife a m'malire, la mayina. Akuluakulu amakumbukira kuti kale mwana akalephera kusankhidwira kusekondale ankabwereza Sitandade 8, nthawi zina ndi dzina lina, la mchimwene wake kapena la agogo ake. Dzinalo linkapita naye mpaka pa satifiketi. Kenako mu 2017 National Registration Bureau inalemba anthu m'dziko lonse n'kupereka ziphaso za unzika, ndipo ambiri analembetsa dzina lawo la kumudzi. Lero satifiketi ikunena dzina lina, chiphaso chikunena lina, ndipo chaka chobadwa pa CV sichikugwirizana ndi zonse ziwiri. Onjezerani apo kuti Aphiri, Abanda, Atembo ndi Azulu ali tsidya lino ndi tsidya la Chipata lomwe, ndipo ana ena anakulira kwa azakhali awo ku Zambia n'kulemba mayeso a Grade 12 kumeneko. Ife timadziwa kuti umu ndi mmene moyo wa m'malire ulili. Koma wowerenga amene wachokera ku Lilongwe akaona mayina awiri amaganiza za satifiketi yobwereka. Mankhwala ake ndi kukonzeratu zinthu ntchito isanalengezedwe: kupita kubwalo la milandu kapena kwa loya kukalumbira kuti mayina awiriwo ndi a munthu mmodzi, n'kumaphatikiza kalata yolumbirayo nthawi zonse. Amene anaphunzira ku Zambia alembe poyera kuti anaphunzira kuti, chaka chiti, ndipo anakhoza bwanji phunziro lililonse, kuti wowerenga asachite kulota.

Ena amadutsa zonsezi koma n'kutayika pa foni. Komiti yasankha munthu, mlembi akuyimba, foni yazima chifukwa ili kotchaja pa tiredingi. Mawa akuyimbanso, akuyankha ndi mlamu amene sakudziwa kanthu za kalatayo. Kumidzi yoyandikana ndi malire foni imatha kugwira netiweki ya ku Zambia, ndipo achinyamata ambiri amasinthasintha makadi kutsata kumene bandulo yatsika mtengo. Mlembi sayimba mpaka kalekale. Amadumphira dzina lotsatira. Nambala imene yalembedwa pa CV iyenera kukhala ya mwini wake, yoyaka, ndipo pansi pake pakhale ina ya munthu wodalirika amene wauzidwa kuti pali uthenga umene ukudikiridwa.

Zolakwika zimenezi n'zosavuta kukonza. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mapepala amene alibe cholakwika chooneka, koma alibenso munthu m'kati mwake. Achinyamata ambiri alibe kompyuta, choncho amapita pamalo otayipira ndi kupanga fotokope. Wotayipa ali ndi CV imodzi imene anaisunga kalekale. Amangofufuta dzina, sukulu ndi chaka, n'kuikapo zatsopano. Sindimuimba mlandu, chifukwa iye amalipidwa kutayipa, ndipo wobwera uja sanabweretse mawu akeake. Koma taganizirani zimene komiti imaona. Pepala loyamba likuti mwini wake ndi wolimbikira, wokhulupirika, woopa Mulungu, wotha kugwira ntchito popanda womuyang'anira, ndipo amakonda kuwerenga mabuku ndi kuonera mpira. Lachiwiri likunena zomwezo, mawu ake omwewo, ngakhale chilembo cholakwika chili pamalo omwewo. Lakhumi chimodzimodzi. Ndinaonapo CV ya mtsikana imene kumapeto kwake kunatsala dzina la mnyamata amene anatayipitsa iye asanafike.

CV ili ngati nkhoswe. Imapita kukakulankhulira kumene iwe sungalowe, pamaso pa anthu amene sanakuonepo. Palibe banja limene lingatume nkhoswe yosadziwa mwana wawo, yongoloweza mawu amene inanenanso dzulo kubanja lina. Komatu izi ndi zimene timachita ndi mapepala athu.

Apa mpamene ndinazindikira chinthu chimene sindinachiyembekezere. Mapepala onse akafanana, komiti imasowa poyambira, ndipo wina amayamba kunena kuti, "Uyu ndikumudziwa, ndi mwana wabwino." Tsiku lina tikusankha makalaliki ogula mbewu, tinafika pa CV ya mtsikana amene pamalo ofotokoza ntchito zimene anagwirapo analemba kuti palibe. Mayi wina wa m'komiti anati, "Aphunzitsi, mwanayu ndi mlembi wa banki mkhonde kwathu kuja, ndipo chiyambire ndalama sizinasowepo." Tinamuyitana, ndipo pa mafunso anaposa onse. Ndinakondwa, koma ndinatsala ndi funso. Nanga ena aja amene analembanso kuti palibe, koma analibe wowadziwa m'chipindamo? Mtsikanayo anayenera ntchitoyo, komabe anaipeza chifukwa chodziwika. Ndinaona kuti pepala lopanda kanthu limatsegulira khomo kukondera kumene timadandaula nako, ngakhale pakati pa anthu amene sanabwere ndi mtima wokondera. Mwana wa mlimi amene alibe womudziwa ndiye afunika kwambiri pepala lonena zoona zake zonse, chifukwa ndilo lokha limene lingamuyankhulire.

Achinyamata athu amalemba kuti palibe chifukwa amaganiza kuti ntchito ndi ya muofesi yokha, yokhala ndi kalata yolembedwera. Koma tayang'anani zimene mwana wa ku Mchinji amakhala atachita pofika zaka 25. Wina wakhala pa sikelo nyengo yogula soya ndi mtedza, akuyeza matumba, kulemba malisiti ndi kuwerengera ndalama za bwana wake madzulo. Wina anayenda khomo ndi khomo pa kalembera wa 2018, kapena anagwira nawo ntchito yolemba anthu m'kaundula wa zisankho. Wina anagawa nawo masikito, wina amathandiza kusikelo ya ana, wina ndi msungichuma wa kwaya kapena wa kalabu ya alimi. Ndondomeko ya Mtukula Pakhomo inayambira m'boma lino mu 2006 isanafalikire kwina, ndipo m'midzi muli anthu amene akhala m'makomiti ake, odziwa kulemba mayina a mabanja ndi kusunga kaundula. Wa kabaza amene anagula njinga yachiwiri ndi phindu la yoyamba wadziwa kusunga ndalama ndi kusamala makasitomala. Zonsezi ndi ntchito, ndipo wolemba anthu ntchito amafuna kuzimva.

Chofunika ndi kalembedwe kake. Mawu oti "ndine wokhulupirika" alibe mboni, aliyense angawalembe. Koma munthu akalemba kuti anali mlembi wa gulu la banki mkhonde la anthu akutiakuti, kuyambira chaka chakuti mpaka chakuti, kuti ankalemba masheya ndi ngongole sabata iliyonse, ndipo wapampando wa gululo angafunsidwe pa nambala yakuti, kukhulupirika kuja kwaonekera kokha. Chinthu chilichonse chikhale ndi malo, nthawi, kukula kwake ndi munthu amene angachitire umboni. Zaposachedwa zikhale pamwamba, zakale pansi. Masamba awiri ndi okwanira, ndipo kwa amene wangotsiriza sukulu tsamba limodzi lodzaza bwino limaposa masamba asanu onena za mtundu wake, mpingo wake, mudzi wa amayi ake ndi sukulu ya pulayimale.

Ngakhale kukhala m'malire kumene ndi luso loyenera kulembedwa. Mu Disembala 2022 atsogoleri a Malawi ndi Zambia pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema, anatsegulira chipata cha Mchinji ndi Mwami chimene maofesi a mayiko onse awiri amagwirira ntchito pamodzi, kuti wapaulendo aziima kamodzi kokha. Pamenepo pamadutsa malole a katundu, ndipo pali makampani othandiza amalonda kukonza mapepala a msonkho. Mnyamata amene wakula akuthandiza amalonda kuoloka, amene amawerengera kwacha ya Malawi ndi ya Zambia m'mutu, amene amadziwa kalankhulidwe ka ku Chipata ndi njira za kumeneko, ali ndi chimene mnzake wa ku Area 25 ku Lilongwe alibe. Koma pa CV yake simudzapezapo zimenezi. Mudzapeza kuti amakonda kuonera mpira.

Pamene ena amabisa zimene ali nazo, ena amalemba zimene alibe. Uku ndiko kulakwa koopsa kuposa konse. Wina amalemba kuti amadziwa kompyuta, ndipo tsiku la mafunso akamuika patsogolo pake kuti alembe mayina khumi mu Excel amangotuluka thukuta. Wina amasintha 8 kukhala 3 pa fotokope, osadziwa kuti adzafunsidwa satifiketi yeniyeni, ndiponso kuti olemba ntchito amatha kufunsa ku MANEB ngati satifiketiyo ili yoona. Kupeka satifiketi ndi mlandu wopita nawo kundende. Ngakhale bodza laling'ono limaononga zoona zonse zimene zili papepalapo, chifukwa wowerenga akagwira limodzi amayamba kukayikira mzere uliwonse. Boma lathu ndi laling'ono, anthu a m'makomiti ndi omwewo, ndipo dzina likaipa pamalo amodzi limamveka ponse.

Pa chifukwa chomwecho, anthu ochitira umboni asamalembedwe mwachisawawa. Ambiri amalemba phungu wa Nyumba ya Malamulo kapena bwana wamkulu amene anangomuona pamsonkhano, poganiza kuti dzina lalikulu liwopseza komiti. Foni ikayimbidwa, mkuluyo amati sakumudziwa. Ena amalemba bambo awo aang'ono, ndipo dzina la bambo likafanana umboniwo umachepa mphamvu. Mboni yabwino ndi imene inakuona ukugwira ntchito: mphunzitsi wamkulu, mlangizi wa zaulimi, wapampando wa kopaletivi, mwini sitolo amene unamugulitsira. Ipemphedwe kaye, ndipo iuzidwe ntchito imene ukufunsira. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Ganyu amene unamusiya pakati osatsanzika, ndi ngongole ya gulu imene sunabweze, zimadzayankhula tsiku limene mlembi wa komiti wayimba foni.

Kufunsira ntchito kumadya ndalama. Pali kutayipitsa, fotokope, envelopu, ndi thiransipoti yochokera kwa Mkanda kukafika paboma, mwinanso mpaka ku Lilongwe, mtunda woposa makilomita 100. Poona zimenezi ambiri amapanga makope ambiri a kalata imodzi n'kumangomwaza paliponse. Motero kalata yopita kuchipatala imanena za kukonda ulimi, ndipo ina imafika kubungwe lina itanyamula dzina la bungwe linzake pamwamba. Ndalama zomwezo zikanagwira ntchito bwino pa makalata ochepa, iliyonse yolembedwa munthu atawerenga chidziwitso mofatsa n'kuyankha zimene chikufunsa. Ngati akufuna dalaivala, layisensi ndi gulu lake zioneke pamwamba. Ngati akufuna wosunga katundu, nkhani ya sikelo ndi malisiti ija ibwere poyamba. Mabungwe akuluakulu masiku ano amalandira makalata pa intaneti, ndipo ena ali ndi mapulogalamu a kompyuta amene amasefa ma CV pofufuza mawu a m'chidziwitso munthu asanawaone. Kumeneko chithunzi cha CV chojambulidwa ndi foni pamphasa sichiwerengeka. Pafunika fayilo ya PDF yokhala ndi dzina la mwini wake, yotumizidwa kuchokera pa imelo ya dzina lake lenileni, osati dzina lotchukira nalo pa Facebook. Ndipo pepala lisanatumizidwe, wina wodziwa Chingerezi aliwerenge. Kupempha thandizo lotere si manyazi.

Ndikanakhala wosalungama ndikanasenzetsa achinyamata okha katundu yense. Olemba ntchito nawonso ali ndi mbali yawo. Chidziwitso chimatuluka mu The Nation kapena The Daily Times, nyuzipepala zimene kumidzi yambiri sizifika, ndipo chikamafika pa WhatsApp masiku atsala awiri. Ntchito yoyambira amaifunira munthu amene wagwirapo zaka zambiri, ngati kuti pali kumene mwana wa Fomu 4 akanazitenga zakazo. Olephera sayankhidwa, choncho amabwereza cholakwika chomwecho chaka ndi chaka. Chidziwitso chomatidwa pa ofesi ya DC, pachipatala ndi pamisika, cholengezedwanso pa wailesi m'Chichewa, chingafikire ana ambiri oyenera. Lamulo la ntchito la 2000, Employment Act, limaletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu, chipembedzo, ndale kapena kuti ndi mkazi, ndipo aliyense wokhala m'komiti ayenera kulowa m'chipindamo akulikumbukira. Palinso akuba amene amadyera pa njala ya ntchito, otumiza uthenga woti munthu wasankhidwa koma atumize kaye ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Ntchito yoona sigulidwa, ndipo wofuna chiphuphu malo ake ndi kupolisi kapena ku Anti-Corruption Bureau.

Ife aphunzitsi, atsogoleri a mipingo ndi onse amene tinapitako kusukulu tili ndi ngongole kwa anawa. M'kalasi kalata yofunsira ntchito imaphunzitsidwa kuti mwana akhoze mayeso: adiresi kumanja, deti pansi pake, moni, mutu wa kalata. Koma kudziyang'ana n'kuona zimene uli nazo, ndi kuzinena mosadzikweza komanso mosadzichepetsa, palibe amene amaphunzitsa. Mwambo wathu umatiphunzitsa kuti munthu sadzitama, ndipo ndi mwambo wabwino. Koma kunena kuti unasunga ndalama za anthu zaka zitatu osasowetsa tambala si kudzitama. Ndi umboni, ndipo wowerenga sangaudziwe ngati sunalembedwe.

CV yabwino siyingachulukitse ntchito m'boma la Mchinji, ndipo siyingathetse katangale. Ambiri olemba bwino adzakanidwabe chifukwa malo ndi ochepa. Koma pepala lonena zinthu zenizeni, zokhala ndi malo, zaka ndi mboni, limavuta kulitaya mwakachetechete. Limapatsa mphamvu munthu wolungama wa m'komiti kuti afunse anzake chifukwa chimene akusiyira uyu n'kutenga uyo, ndipo anthu olungama m'makomiti alipo ambiri kuposa mmene achinyamata amaganizira. Choncho mwana wanga, usanapite kotayipitsa, tenga kope ndi cholembera, ukhale pansi ndi munthu amene amakudziwa bwino, mulembe zonse zimene wagwira chitsirizire sukulu, ngakhale zimene ukuziona ngati ganyu wamba. Pa chilichonse ulembe kuti unachigwira kuti, liti, ndipo ndani anakuona. Ukatero, upite kwa wotayipa uja ndi mawu akoako, ndipo umuuze kuti atsegule tsamba latsopano.